Alonda a Chamba cha Khimuli

Khimuli atatembenuza tsamba la chamba m'munda mwake, mtima unamuthawa. Kunsi kwake nsabwe zobiriwira zinali zitathinana, tsambalo likumata ngati lapakidwa uchi, nyerere zikukwera ndi kutsika patsinde. Chamba chake chinali chitangochita maluwa, nthawi imene mankhwala a kusitolo sapoperedwa, poti amakanirira mpaka m'njere. Njerezo ndi zimene banja limakazinga n'kusinja ndi mchere ndi mandimu chisanu chikagwa. Mbewuyo anabwera nayo paukwati kuchokera kwa malemu mayi ake kuseri kwa phiri, ndipo ikanatha, kunalibenso kokaipempha.

Anathira phulusa, anawaza mkodzo wa ng'ombe woviikamo nimu, koma nsabwe zinkangoswana. Chomudabwitsa, tizilombo tofiira tamadontho akuda timene timadya nsabwezo chaka chino tinali titasowa.

M'mawa wina wakuba tizilomboto anagwidwa. Mwamuna wake Trilok, amene anaweta nkhosa kumapiri mpaka maondo atamukana, anali atagwada pakati pa mizere, akutola tizilomboto n'kumaponya m'kambiya kamkuwa.

"Bambo a Hema, mukutani?"

"Ndikukulonderani munda, mayi. Taonani kufiira kwake, mfiti zenizeni! Inu mukapita kokama ng'ombe, ine ndimathana nato."

Chisiyireni nkhosa, mkuluyo anali asanamwetulirepo chonchi. Khimuli anakwiya, koma anamumveranso chisoni. Akakhala chete, mbewu ya mayi ake ipita. Akakalipa, nkhalamba yake ibwerera pakhonde kukayang'ana mitambo.

"Mwapha tingati?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kupha? Ine, mwezi wa mapemphero uno? Ndimakatitaya kuseri kwa kachisi, pa zitsamba zoyabwa zija. Tizikadya za mwini kachisi kumeneko."

Khimuli anapuma, kenako phwete linamuphulika. Anapisa chala m'kambiyamo, n'kuika kachilombo kamodzi kunsi kwa tsamba. "Tasenderani, muone mfiti yanuyo."

Trilok anatsinzina diso limodzi. Kachilomboko kanayenda pang'ono, kanagwira nsabwe, kanaimeza, n'kulunjika ina. Mkuluyo anagwira pakamwa.

"Ndiye ndakhala ndikuthamangitsa agalu, kambuku n'kumusiya m'khola?"

"Safunsa anadya phula, bambo. Koma m'mudzi muno mbusa ndinu. Kabwezeni ziweto zanga."

Trilok anatenga ndodo yake n'kunyamuka. Dzuwa lili paliwombo anabwerako, manja atatupa ndi zitsamba zija, kambiya katadzaza ndi tizilombo. Khimuli anamuthamangira ndi mafuta a mpiru oti amupake, koma iye anam'bweza ndi chigongono.

"Dikirani, mayi, ziweto zanu zilowe kaye."

Anagwada pa mzere woyamba, n'kupendeketsa kambiyako pansi pa maluwa. Tizilombo tofiira titayamba kukwera tsinde, Khimuli anamva mluzu umene anali atauiwala, uja Trilok ankaimba akamatsika ndi nkhosa kuphiri, zonse zili zokwana.