Diso la Mpeni ndi Diso la Kuwala

Amuna anga a Olímpio ali ndi maso awiri ngati munthu aliyense, koma iwo anawasandutsa mpikisano wa mayiko. Lamanzere anakalikonzetsa ku Malawi, lamanja ku Quelimane, ndipo Milange yense anaimva nkhaniyi mpaka kutopa nayo.

Matenda ake amati gulokoma. Madzi a m'diso amasowa potulukira, ndiye amafinya mtsempha wopenyera pang'onopang'ono, osapweteka n'komwe. Amayamba kudya cham'mbali, ndipo chimene adya sabweza.

Lamanzere ndilo linali litadyeka kwambiri. Tinawoloka pa Muloza, ndipo kuchipatala cha tsidya ilo analiboola ndi kampeni pansi pa chikope, kuti madzi azitulukira pamenepo. Panatsala kachithuza. Diso linafiira ngati phwetekere, masabata ambiri ankangoona chifunga, akubuula ngati ndi iwo anayambitsa kudwala padziko lino.

"Mpeni ayi, ndisadzauonenso," anatero.

Ndiye la kumanja mphwawo Tito anawatengera ku Quelimane, kumene analiwomba ndi kuwala kwa makina aja amati leyiza. Anangokhala pampando, kuphethira kangapo, zatha. Madzulo ake anali akudya nsomba ya kokonati. Dokotala anawauza kuti kuwalako kumathandiza ndithu, koma kwa ena mphamvu yake imatha pakapita zaka, ndiye azibwera kudzayezetsa. Mawu amenewo anawaiwala m'basi pobwerera.

Basitu, munthu wokonza njinga anasanduka katswiri wa maso. Pa baraka, malo odyera ndi kumwera a pafupi ndi malire, ankatseka diso ili, kuwerenga nambala ya lole, kutseka linalo, kuwerenganso, onyamula katundu n'kumawaombera m'manja.

"Ili ndi la sayansi," ankatero akuloza lamanja. "Koma taonani ntchito ya anthu ogwira mpeni ngati akusenda chinangwa!"

Apo n'kutukula chikope, kuonetsa chithuza anthu akudya. Iii, manyazi ake ankagwira ine.

Zaka zinapita. Ine ndimagona nawo nyumba imodzi, ndiye ndinaona. Kapu ndikaiika kudzanja lamanja ankaifunafuna mpaka kukalipa. Phewa lamanja linadziwana bwino ndi mphuthu ya chitseko. Akandikwiyitsa ndinkaima mbali imeneyo n'kumawatulutsira lilime, iwo osadziwa kanthu. Poyamba ndinkaseka. Kenako ndinayamba kuopa.

"Bambo a Tânia, tiyeni mukayezetse lamanjali."

"Loyezetsa ndi la abale anu a ku Malawili. Linali lili bwinobwino."

Koma masewera otseka diso aja anali atawasiya mwakachetechete, ndipo ku baraka ankangonena pakamwa.

Tsiku lina kunabwera Hermínia, mayi wachitsikana wa ku Mongue, atapalasa njinga mtunda wonsewo khanda lili kumsana. Mayiyu anamupeza ndi matenda omwewo, ndipo madokotala anati pamene afika, chofunika n'kuboola. Mantha atamugwira, anthu anamulozera kwa katswiri wathu. Amuna anga anakhala tsonga pampando, n'kukhosomola ngati padre asanayambe ulaliki.

"Mwana wanga, mpeni usaulole. Taona ine pano..."

Magazi anandiwira. Diso lawo aliwononge okha, koma la mwana wa eni ake, wolera khanda, ayi takana. Ndinazungulira kumbuyo kwawo n'kuphimba diso lamanzere ndi chikhatho.

"Pitirizani, a dotolo. Mlendo wanuyu wavala mpango wamtundu wanji?"

"Mayi a Tânia, musachite zachibwana pamaso pa mlendo."

"Ndafunsa mpango. Wamtundu wanji?"

Anatembenuza mutu uku ndi uku. Hermínia anali patsogolo pawo penipeni, mpango wake wachikasu, dzuwa likuswa mtengo.

"Chotsani dzanja," anatero, mawu ali pansipansi. "Kwada."

Sindinachotse msanga. Ndinali nditakwiya, inde, komanso misozi inali ikutsika ine ndemwe, ndipo sindinkafuna kuti aione. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa munthu wamakaniyu ndimamukonda.

Hermínia anatsanzika mwaulemu, nakwera njinga yake kulunjika ku malire, njira ya kuchipatala choboola chija, osati ku Mongue.

Ife tinawoloka sabata yotsatira. M'njira monse a Olímpio ankadandaula za fumbi ndi mabampu, koma za maso sanatchule. Dokotala anayeza lamanzere, lonyozedwa lija, nati kabowo kake kakugwirabe ntchito ndipo zimene linkaona kale likuonabe. Lamanja analiyang'ana nthawi yaitali. Anati kuwala kuja kunagwira ntchito yake zaka zingapo, kenako madzi anayambanso kuunjikana. Akanabwera kudzayezetsa, akanaliwombanso kapena kuliboola, ndipo likanatsalako ndithu. Pano mtsempha unafota.

Amuna anga anasendera kutsogolo pampando.

"Ndiye bwanji mungoliboola lero lomwe, adokotala? Ndakonzeka."

Dokotala anazimitsa kanyali kake.

"Kuboola tingaboole, bambo, koma simudzaona nalo kanthu."

A Olímpio anatola chipewa chawo, ndipo chikwatiranireni aka kanali koyamba kuti munthu awauze mawu iwo osayankha.