Tsiku Limene Kalasi Inamupeza pa Sikelo

Atikonda Makina anaizindikira basi ya ku yunivesite isanaime n'komwe. Inkabwera pang'onopang'ono mumsewu wa pa Migowi, ikulambalala njinga za kabaza, iye ali chilili pa sikelo ya a Goodman, dzanja lili m'thumba la nandolo. Anaidziwa ndi mzere wobiriwira wa m'mbali mwake. 

Panali patapita chaka ndi theka chichokereni kusukuluko. Anali m'chaka chachiwiri, akuphunzira za ulimi ndi misika yake, pamene mvula ya namondwe inagwa masiku angapo osakata, phiri la Michesi n'kukhuthula matope ndi miyala m'midzi ya m'munsi. Bambo ake anapita ndi madzi. Mayi ake anapulumuka, koma khoma linawagwera m'chiuno, ndipo chiyambire pamenepo sankatha kudzuka okha. Mchimwene wake Davison anali ku Joni. Atikonda anabwera kumaliro ndi kachikwama kamodzi, akuti abwerera sabata ikatha. Foni yake inagwera m'matope. Sabata inasanduka mwezi. Kalata yopempha kuti ayambe waima kaye sukulu anaiyamba kawiri osaimaliza, ndipo pambuyo pake anangochita manyazi kuti nthawi yapita.

Tsopano ankagwira ntchito kwa a Goodman, ogula mbewu. Iye ndiye ankayeza matumba ndi kuona ngati nandolo wauma. M'mawa ankasambitsa mayi ake, kuwakhazika pakhonde, n'kupalasa njinga kubwera kumsika. Za kusukulu sankazikamba ndi aliyense. Koma Lachiwiri lililonse, dzuwa likakwera pang'ono, ankadziwa kuti anzake akulowa m'chipinda chachikulu chija cha mabenchi otsetsereka, ndipo a Dokotala Wezi Msowoya akutsekula mazenera okha asanayambe kuphunzitsa.

Ophunzira anatsika m'basi muja atanyamula mapepala. Atikonda anawawerenga ndi maso: Steve wamtali uja, Frank amene ankagona m'kalasi, ndi Fanny, amene ankagona naye chipinda chimodzi. Pomalizira anatsika a Dokotala Msowoya, atavala nsapato zofewa ndi chipewa cha mlaza. Atikonda anakokera duku lake kumaso n'kutembenukira kumatumba.

A Dokotalawo sankaphunzitsa ngati anzawo. Sankalembetsa manotsi. Ankabwera ndi funso limodzi, n'kulisiya pakati pa kalasi kuti anthu alimbane nalo. Munthu akayankha molimba mtima, iwo ankapendeka mutu n'kufunsa ndi Chichewa chawo cha kumpoto chija kuti, "Chabwino, koma mwadziwa bwanji?" Wophunzira aliyense ankamutchula kuti inu. Pochonga zolemba, malikisi ankawabisa patsamba lomaliza, kuti munthu ayambe wawerenga ndemanga zawo. Ambiri ankadandaula nazo. Atikonda ankazikonda kuposa chakudya.

A Dokotala anawagawa ophunzira awiriawiri kuti akafunse alimi za mbewu imene imawonongeka ikakololedwa. Steve ndi mnzake anafika pomwepo pa shedi ya a Goodman, pamene mayi wina wachikulire wa ku Jenala ankadikira kuti amuyezere nandolo wake. Steve anapereka moni, anakonza pakhosi, n'kuwerenga papepala.

"Amayi, kodi pa magawo zana alionse a zokolola zanu, ndi magawo angati amene amawonongeka pa nthawi yosunga?"

Mayi uja anamuyang'ana, anayang'ananso pepala. "Eya, bambo," anatero.

"Ndikuti angati, amayi? Khumi? Makumi awiri?"

"Amenewo amene mwanenawo."

Steve analemba makumi awiri. Atikonda anayesa kudzigwira. Anakoka thumba, analimanga, analimasulanso. Koma pakamwa panatseguka pokha.

"Funso limenelo safunsa choncho," anatero, nkhope ikadali kumatumba. Kenaka anatembenukira kwa mayi uja, n'kuwapatsa moni wa Chilomwe, ndipo nkhope ya mayiyo inamasuka. "Chaka chatha munasunga matumba angati m'nyumba?"

"Anayi."

"Nanga pamene munkatsekula lomaliza, munapezamo chiyani?"

"Iii, mwanawe, ufa wokhawokha. Anankafumbwe anadya mpaka ndinapepeta ndowa imodzi yokha yabwino. Zinazo ndinapatsa nkhumba za eni."

Steve anayasama. "Atikonda? Ndiwe?"

Asanayankhe anamva mawu kumbuyo kwake.

"Chabwino. Koma mwadziwa bwanji kuti akumbukira bwino matumba kuposa magawo?"

Atikonda anawazindikira mawuwo. Anatembenuka pang'onopang'ono. A Dokotala Msowoya anali atavula chipewa, akumuyang'ana osaphethira.

"Chifukwa thumba analinyamula pamutu, Madamu," anayankha ndi mawu otsika. "Gawo sanalionepo."

A Dokotala sanafunse kanthu kena. Anapita kwa a Goodman, anawapatsa moni mwaulemu, n'kupempha kuti awabwereke mtsikana wawoyo kwa kanthawi. A Goodman, amene sankadziwa n'komwe kuti wantchito wawo anapondako ku yunivesite, anangoti, "Mutengeni, koma sikelo isazizire." Kenaka a Dokotala anawomba m'manja kuitana kalasi yonse.

"Pindani mapepala anuwo," anatero. "Mafunso aja ndinawavomereza ndine, ndipo ndinalakwa. Lero mphunzitsi wanu ndi a Makina. Mayeso anu ndi akuti mukatha kuwamvera, gulu lililonse lilembenso mafunso ake, libwere lidzandiuze pakamwa chifukwa chimene lasinthira."

Fanny anali atamufika kale, atamugwira mkono ndi manja awiri, misozi ili m'maso. Atikonda anafuna kuthawa. Ankaona siketi yake yafumbi ndi mapazi ake ong'aluka. Koma anthu makumi anayi anali atamuzungulira, ndipo a Dokotala anali atakhala pa thumba ngati wophunzira.

Anayamba ndi chibwibwi. Anatapa nandolo m'dzanja, analuma njere imodzi, n'kuwauza kuti wouma amalira pakati pa mano, wosauma amangophwanyika mwakachetechete. Anawapatsa kuti alume okha. Anawaonetsa kabowo kakang'ono ka nankafumbwe, ndi momwe thumba lodwala limafundira ukalowetsa mkono mpaka m'chigongono. Anafotokoza chifukwa chake alimi a m'munsi mwa phiri amathamangira kugulitsa msanga chigwereni nyumba zawo: alibe posunga pouma. Mawu amene ankaganiza kuti anawaiwala anayamba kubwera okha, ena a m'mabuku, ena a pamsika, akugwirana bwinobwino. Frank, wogona uja, anafunsa mafunso atatu. Pamene Atikonda ankamaliza, anazindikira kuti kwa nthawi yonseyo sanaganizeko za china chilichonse.

Ophunzira atabalalika, a Dokotala anamutengera kuseri kwa shedi, pamthunzi wa mtengo wa mango. Atikonda anawauza zonse, mwachidule, maso ali pansi. Iwo anamvetsera osamudula.

"Ndinakuimbira kawiri," anatero pambuyo pake, ndipo Atikonda anamva kuti kanali koyamba kumutchula kuti iwe. "Foni sinkalowa. Ndinafunsa Fanny, anati sakudziwa mudzi wako. Ndiye ndinalemba m'kaundula kuti sunabwere ku mayeso, n'kupitiriza. Ndinali ndi ana pafupifupi mazana awiri m'makalasi anga onse, ndinadziuza choncho. Koma ndinkadziwa kuti kwanu ndi ku Phalombe, ndipo wailesi inkanena tsiku ndi tsiku zimene zachitika kuno. Ndikanatha kukwera minibasi."

"Wolakwa ndine, Madamu. Sindinalembe kalata."

"Munthu amene waika bambo ake m'manda salemba kalata, mwanawe. Ofunika kuyenda ndife." Anapukuta magalasi awo ndi nsonga ya bulauzi. "Chichokereni iwe, tsiku loyamba la kalasi aliyense amandilembera mudzi wake ndi nambala ya m'bale wake. Akasowa masabata awiri, ndimamufunafuna. Anzanga amandiseka kuti ndasanduka nesi. Ndabweza atatu kusukulu. Koma amene anandiphunzitsa zimenezi ndinali ndisanamupeze."

Atikonda anayang'ana kuphiri. Chipsera cha matope chinali chikuonekabe, chofiira pakati pa zobiriwira.

"Ukufuna kubwerera?"

"Tsiku lililonse," anatero. "Koma amayi ndiwasiyira ndani?"

A Dokotala sanamunamize. Anati malo ake sangawalonjeze, chifukwa woweruza ndi komiti, osati iwo. Anati akalemba okha kalata yomuikira umboni, ndipo komitiyo ikavomera, Atikonda adzayenera kubwereza chaka chachiwiri. Za mayi ake analibe yankho. Analemba nambala ya foni ya a Goodman m'kabuku kawo.

Basi inanyamuka dzuwa litapendeka. Fanny anatulutsa mutu pazenera akukuwa kuti abweranso. Atikonda anaimirira pamsewu mpaka fumbi litakhazikika, kenaka anabwerera ku sikelo, kumene alimi asanu ankamudikira.

Patatha masabata atatu, kondakitala wa minibasi ya ku Zomba anasiya envelopu kwa a Goodman. Munali fomu yopemphera kubwerera, ndi nkhani imene Atikonda analemba sabata yomaliza asanachoke kusukulu, yokamba za msika wa nandolo. M'mbali monse munali ndemanga za a Dokotala. Anaiwerenga atakhala pakhonde pafupi ndi mayi ake, ndipo mayiwo anamupempha kuti awamasulire.

"Apa akuti ndaganiza bwino. Apa akuti ndathamanga, ndibwerere ndikafunse alimi eniake."

"Ndiye wawafunsa tsopano," anatero mayi ake. Anasisita bondo lawo lowuma. "Ndakumanga miyendo, mwana wanga."

"Musatero, amayi."

"Ndatero kale. Muimbire Davison. Umuuze kuti ndikufuna mkazi wake abwere adzakhale kuno."

Komiti inavomera mwezi wa Disembala. Davison anavomeranso, koma anati mlamu sangachoke kwawo ku Chiringa asanakolole, ndipo sukulu inkatsekulira mu Januwale. Atikonda analemba kalata yopempha kuti amusungire malo mpaka chaka chinacho. Ulendo uno anaimaliza, n'kukaipereka yekha kwa kondakitala.

Sukulu inatsekulira iye akupalira chimanga m'munda wa mayi ake. Lachiwiri lililonse a Dokotala ankatumiza funso la sabata imeneyo pa foni yakale imene Fanny anamupatsa atabweranso kudzamuona, lomwelo limene anafunsa m'kalasi. Atikonda ankaliwerenga m'mawa, n'kumalitembenuza m'mutu tsiku lonse, khasu lili m'manja. Madzulo ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira, n'kujambula yankho lake ndi mawu. Nthawi zina yankho la a Dokotala linkabwera tsiku lomwelo. Nthawi zina linkachedwa mpaka Lachisanu, ndipo masiku amenewo ankakwera pachulupo kawiri kapena katatu, mvula ikuwaza, mpaka mayi ake atamuyitana kuti adzawatembenuze.