Bwato Lopendekera Kumanzere

Pa doko lonse ankadziwa kuti mabwato a malemu Che Anwar ankasema ndi mkazi wawo, Sakina, kungoti panalibe wonena. Bambowo ankagwetsa mtengo n'kuusenda. Kukumba m'kati ndi kasemasema, kugogoda m'mbali kuti amve pamene pakhuthala, zonsezo zinali za Sakina, luso lotengera kwa bambo ake omubereka. Chimodzi chokha sankachita: kukweramo. Pa doko limenelo ankati mkazi akaponda m'bwato latsopano, usipa umalithawa mpaka lidzawole. Ndiye bwato likatsikira m'madzi ankakhalamo ndi Che Anwar, kulimvetsera ndi thupi, n'kubwerako ndi mawu: "Lalemera kumanja, chakumbuyo." Sakina n'kupala pamenepo.

Tsopano Che Anwar anali kumanda, nayo mitengo ya mabwato inali itatha. Mtengo wa mtondo uwu Sakina anachita kukausaka kuseri kwa Khombedza, n'kubwera nawo pa ngolo, ng'ombe zili thovu kukamwa. Wina wotere sakanaupezanso. Anausemera mwana wake Shukuru, bambo wa ana ake kale, amene ankalowa m'nyanja pa boti lamatabwa la eni ake, lokhalokha zigamba za malata ndi phula, lomwe munthu mmodzi ntchito yake inali kukapa madzi basi.

M'mawa wotsitsira bwatolo m'madzi, Shukuru anakweramo, kupalasa pang'ono, n'kubwerera mano ali pamtunda.

"Lili bwino, amayi. Likuthamanga ngati la injini."

"Nanga phewa lakolo limafuna chiyani m'madzi?"

"Ndi mmene ndimakhalira."

"Ndinakubereka ndine. Sukhala choncho."

Sakina analiona ndithu likupendekera kumanzere. Koma ali pamchenga sakanadziwa ngati kulemerako kuli kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo kupala molota n'kuboola bwato. Anatembenukira kwa Che Binali, msodzi wokalamba amene ankasoka ukonde pamthunzi.

"Che Binali, tandikhalirani m'menemo mundiuze."

"Ine mama, ndi msanawu? Ngakhale pa mkeka wa kumzikiti ndimapendekera."

Anthu anaseka. Sakina sanaseke nawo. Anyamata enawo anakulira pa maboti a injini, ukawafunsa za bwato amangoti likuyandama.

"Mawa ndilowa nalo," anatero Shukuru. "Anzanga akupha usipa ine ndikungoonerera."

"Mwera wayamba, iwe. Ukadzakokera ukonde wonyowa mbali imeneyo lidzakukhuthula."

"Inshallah silitero."

"Usamusenzetse Mulungu ntchito ya kasemasema."

Shukuru anangoseka n'kuyamba kufunsa anzake za nyali. Sakina anamuyang'ana, n'kuyang'ana bwato lija. Anamanga chitenje molimba, kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kukweramo.

Amayi amene ankatsuka mbale anaima, mbale zili m'manja.

Mabwato onse amene anasema pa moyo wake, aka kanali koyamba kukhala m'limodzi mwa iwo. Linanjenjemera pansi pake ngati chamoyo. Anatseka maso. Kumanzere, inde, koma chakutsogolo, pafupi ndi mphuno. Iye ankaganizira kumbuyo. Akanapala kumeneko akanaliwononga.

Anatsika. Panalibe anabwera kudzamuthandiza, ndiye analikoka yekha mpaka pamchenga. Anapala, kugogoda, kupalanso, dzuwa likumuwotcha pakhosi. Atalibwezera m'madzi n'kukhalamonso, linangoti phee, ngati wakhala pakhonde.

"Latha," anatero, akupereka nkhafi kwa mwana wake. "Tenga."

Shukuru manja anali nawo kumbuyo.

"Amayi, mwalipha."

"Ndaliwongola."

"Akwere nane ndani tsopano? Aliyense waona. Tikadzangogona ndi njala tsiku limodzi adzati ndi phazi la mayi ako."

"Bola adzanene uli moyo."

Che Binali anayandikira, n'kusisita m'mbali mwa bwatolo ndi chikhatho, pang'onopang'ono, kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo. "Dzanja ili sitidzalionanso," anatero chapansipansi. Kenaka anapukuta chikhathocho pa malaya n'kubwerera ku ukonde wawo.

Kutacha, Shukuru anatenga chigubu chake chokapira madzi n'kukakwera boti la zigamba lija. Sanadutsire kwa mayi ake.

Bwato lija Sakina analikokera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Mtondo ukauma padzuwa umang'aluka, ndiye m'mawa uliwonse Sakina amatunga madzi n'kuthiramo, kenaka n'kufunditsa masaka. Mbuzi za pamudzi zinazolowera, zimabwera kudzamwera momwemo. Poyamba ankazigenda. Masiku ano amangozisiya.

Mwera ukamawomba, mpongozi wake, mkazi wa Shukuru, amabwera ndi mwana kumsana, n'kuima pafupi ndi bwatolo, maso ali kunyanja. Sakina amangogogoda m'mbali mwake ndi chala, uku ndi uku, ndipo monsemo limalira mofanana.