Mafuta a Chamba a Huguette

Kabelu kochenjeza za moto kanali kulira mosalekeza pamene Rejean Doiron ankasolola thireyi mu uvuni, utsi uli tolo m'khitchini monse. Anaiponya mu sinki, natsegula mawindo onse ngakhale kunja kunali mphepo yozizira ya mu Okutobala, kenaka anayamba kukupiza kabeluko ndi thaulo mpaka kanakhala chete. Theka la chamba chimene anachisamalira miyezi isanu kuseri kwa matimati linali litasanduka makala.

Mkazi wake Huguette anali pampando pafupi ndi khomo, atafunda bulangete, akuseka mpaka kutsokomola. Panali patapita miyezi asanaseke choncho. Mankhwala a khansa anali atamulanda mudyo. Chakudya chilichonse chinkamveka ngati chitsulo m'kamwa mwake, mseru sunkatha, ndipo anali atawonda moti mphete ya ukwati inkavuka yokha. Atafunsa dokotala za chamba, anauzidwa kuti angathe kuyesa, koma pang'ono kwambiri, ndipo osati chosuta koma mafuta ake.

N'chifukwa chake Rejean, munthu amene anagwira upolisi zaka makumi atatu m'katauni kawo ka ku New Brunswick, anadzala mitengo inayi ya chamba imene lamulo la masiku ano limalola. Ankaiyendera m'mawa uliwonse atanyamula khofi, nkumaiyeza msinkhu ngati zidzukulu. Tsiku lopanga mafutali anadzuka tambala asanalire, akuimba mluzu. Anali atawerenga kuti chambacho chimayamba chawambidwa mu uvuni chisanalowe m'mafuta, ndiye iye anaganiza kuti akakweza moto ntchito ifulumira.

Tsopano kunatsala botolo limodzi lokha la chamba chouma.

"Safunsa anadya phula," anatero Huguette akupukuta misozi ya chiseko. "Pitani kwa Wendell."

Rejean anayankha kuti awerenganso bwinobwino, kuti wangolakwitsa pang'ono. Mkazi wake anangomuyang'ana, iye nkutenga chipewa.

Wendell Tozer ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pawo, koma awiriwa anali asanayankhulane zaka zoposa makumi awiri. Kalelo Rejean anaimitsa galimoto ya Wendell chifukwa cha nyali yakufa, napeza kaphukusi ka chamba pansi pa mpando, namukweza kumpando wakumbuyo wa galimoto ya polisi. Wendell anapezeka wolakwa kukhoti, ndipo ntchito yake yoyendetsa basi ya ana asukulu inathera pomwepo. Tauni yonse inkadziwa kuti masiku ano palibe amene ankapanga mafuta abwino kuposa iye.

Anamupeza akuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba. Wendell anaima, nkhwangwa ili paphewa, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kalata yosechera mwabwera nayo, bwana?" anafunsa. Kenaka anakoka mpweya ndi mphuno. "Komatu mukununkha kuposa mmene ndinkanunkhira ine tsiku lija."

Rejean anavula chipewa, nafotokoza zonse mosabisa: za uvuni, za botolo lotsala, za Huguette amene dzulo lake anangodya masupuni awiri a phala. Wendell anaphunzira kalasi imodzi ndi Huguette kupulaimale, ndipo atamva za masupuni awiriwo anasiya nthabwala. Anazika nkhwangwa pachitsa, nalowa m'nyumba, natuluka atakumbatira mphika wamagetsi, kachipangizo koyezera kutentha ndi kansalu kosefera. Mphikawo anamusenzetsa Rejean.

Atafika, Wendell anapsompsona Huguette patsaya, natsegula botolo lija. Anatola kangala kamodzi, nakakanyanga ndi zala, nakanunkhiza atatsinzina. Anati m'chigawo chonsecho anthu odziwa kulima chotere sakwana asanu, ndipo n'zachisoni kuti dzanja lotere linawonongekera kulemba matikiti a pamsewu. Rejean anayesa kubisa kunyada koma makutu anafiira. Anayamba kufotokoza za manyowa a nsomba, za mmene ankathenera nthambi, za usiku umene anathamanga ndi mashiti kukafunditsa mitengo chisanu chitagwa msanga. Ankayankhula mothamanga ngati mwana wobwera kumpira.

Wendell anamuuza kuti uvuni wake ndi wabodza, umatentha kuposa zimene umalemba. Anauyeza ndi kachipangizo kake, nautsitsa kwambiri, nayala chambacho mopyapyala pathireyi. Chitasintha mtundu n'kukhala chofiirira anachithira mumphika muja pamodzi ndi mafuta a maolivi, naika pamoto wochepetsetsa, nati tsopano ntchito yatsala ndi kudikira mpaka dzuwa litapendeka.

Kudikirako ndiye kunamuvuta Rejean. Mphindi zochepa zilizonse ankanyamuka kukavundukula, mpaka Wendell anamumenya dzanja ndi chipande.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, iwe. Khala pansi."

Chimwemwe chachibwana cha Rejean chija chinali chitatha. Huguette anapita kukagona pang'ono, amuna awiriwo nkutsala patebulo, fungo ngati la udzu wonyowa likudzaza nyumba. Anakamba za nyengo, za agwape amene ankadya maapozi a Wendell, za timu ya masewera a hockey imene inali kuluza chaka chachitatu. Nkhani zitatha, Rejean anazunguza kapu yake patebulo kwa kanthawi.

"Tsiku lija, Wendell, ine ndinkangogwira ntchito."

"Ndikudziwa," anatero Wendell. "Inenso ndinali nayo ntchito."

Sanakweze mawu. Anangoti ana a m'basi muja ankawadziwa onse mayina, ndi agalu awo omwe, ndipo kuyambira pamenepo kulikonse kumene ankafunsira ntchito mlanduwo unkayamba ndiwo kufika. Mpaka lero unali ukadali m'mabuku. Anali atamva kuti masiku ano munthu angapemphe kuti mlandu wotere ukwiriridwe, koma pankafunika mapepala a kukhoti ndi a kupolisi, ndipo iye analumbira kuti khomo la polisi sadzalipondanso ndi mapazi ake. Rejean ananyamuka kukaona mphika, ndipo ulendo uno Wendell anamusiya.

Cha m'ma folo koloko anasefa. Rejean anagwira kansalu pakamwa pa botolo, Wendell akuthira pang'onopang'ono, mafuta obiriwira akutsika ngati uchi. Rejean analinyamula botolo kuloza pawindo, nalitembenuza uku ndi uku, nathamangira nalo kuchipinda kukadzutsa mkazi wake kuti aone. Wendell anamuitana kuti abwerere, namulembetsa pabotolopo ndi zilembo zazikulu zofiira, namusonyeza shelefu yapamwamba pomwe zidzukulu sizingafike. Anamuchenjezanso kuti mafuta opanga pakhomo mphamvu yake siidziwika, choncho poyamba n'timadontho chabe.

Huguette anadya timadonthoto pakachidutswa ka buledi, nakwinya nkhope, nati zikukoma ngati kapinga. Anakhala atatu m'chipinda chochezera. Rejean ankayang'ana mkazi wake, nkuyang'ana wotchi, nkuyang'ananso mkazi wake. Patatha theka la ola anati mwina aonjezere. Wendell anakana, nati amene amaonjezera msanga ndi amene amadzagona pansi akuona denga likuzungulira. Ola linakwana, nkupitirira. Rejean anali atayamba kugwa mphwayi pamene Huguette anakankha bulangete ndi mapazi.

"Kodi nkhuku ija ikadalimo mufiriji?" anafunsa. "Ndikulakalaka fricot, msuzi uja wa nkhuku. Wa mbatatesi zambiri, ngati wa amayi."

Rejean anaimirira mofulumira mpaka anagunda tebulo ndi bondo. M'khitchini munali ngati mwagwa moto wina. Iye ankasenda mbatatesi mothamanga, theka likupita ndi makoko, Wendell akudula anyezi nkumamunyoza kuti munthu wotere anamupatsa bwanji mfuti. Huguette anabwera yekha, osagwiriziza khoma, nakhala patebulo nkumawalamula: mchere wachepa, masamba onunkhira ali m'kabati ya kumanzere, ufa wokanda wa timibulu toponya mumsuzi usalimbe. Ankaseka chilichonse, ngakhale mmene Wendell anamangira epuloni yake ya maluwa.

Huguette anamaliza mbale yonse. Anapukuta msuzi ndi buledi, nakankhira mbaleyo kwa mwamuna wake kuti aikemo pang'ono pena. Rejean anapita nayo kuchitofu, naima kumeneko nthawi yaitali atawafulatira, chipande chili m'manja. Palibe anamufulumizitsa.

Dzuwa likulowa Wendell anatsuka mphika wake, nakumbutsa Huguette kuti akauze dokotala zimene wamwa ndi kuchuluka kwake, ndiponso kuti mawa asaonjezere ngakhale akome bwanji. Rejean anamuperekeza atasenza mphika uja. Anayenda mpaka pa mulu wa nkhuni, pomwe Rejean anautula, nakanda kukhosi.

"Mapepala aja ndikuwadziwa. Ndikudziwa khomo lake, ndi woti timuone. Lolemba m'ma naini ndidzakutenga, tidzalowa limodzi."

Wendell anayang'ana nkhwangwa yake pachitsa, nayang'ana kumsewu. Rejean anaganiza kuti akana. Koma iye anawerama, nanyamula mphika wake, nayamba kukwera masitepe. Ali pakhomo anatembenuka.

"Naini koloko," anatero. "Koma ulendo uno ndikhala mpando wakutsogolo."