Mabatani atatu, mavoti onse kwa ine

...ayi iwe dikira kaye ndimalize kkkkk. Paja lero kukalabu yathu ya makompyuta timasankha wapampando eti. Ndiye aphunzitsi anati chaka chino za mapepala ayi, wina alembe kapulogalamu kovotera. Ine ndi phuma langali ndinakweza dzanja. Ndinakalemba mu Python ndi Tkinter, kaja kotulutsira mawindo ndi mabatani. Kanakongola aise!! Windo la buluu, mabatani atatu akuluakulu a ife opikisana, anzanga aja timangowatchula kuti Dokotala ndi Wamtali, ine pansi penipeni. Ndinadziika pomaliza dala kuti anthu asati ndikudzikonda.

Anthu 31 anavota bwinobwino, aliyense akadina, windo n'kumuuza kuti zikomo mwavota. Aphunzitsi anakhoma labu, amvekere zotsatira tiona tikachoka ku buleki.

Pa buleki ndinapita ku laibulale ndi mnzanga Batire (satopa kulankhula ameneyo) kuti ndikamudyetse njomba mmene kamagwirira ntchito mkati. Ndalowetsa fulashi, ndatsegula, iye wadina pa Dokotala. Kuseri kuja, pa sikirini yakuda, patuluka dzina langa. Ndinati zala zakozo n'zonenepa, tadina pa Wamtali. Wadina. Dzina langa!!



Ndikuuze chimene ndinapala. Mabataniwo ndinawapanga mu lupu, kuti ndisalembe zomwezomwezo katatu. Lililonse limayenera kusunga dzina lake, koma onse anadikira lupu ithe n'kugwira dzina lomaliza. Lomaliza ndani? Ine waulemu uja kkkkk. Ndipo poyesa kunyumba ndinangodina batani limodzi lokha. Langa. Kakhumi konse, ndikusekerera ndekha.

Batire anaseka mpaka amayi a mu laibulale kutiloza chala. "Ndiye uli ndi mavoti 31? Ngakhale Dokotala wakuvotera??" Inenso ndikuseka koma nkhani yake si yoseketsa, chifukwa aphunzitsi ananeneratu kuti wochita chinyengo pa makompyuta a sukulu, kalabu waisiya pompo. Komanso pakamwa pa Dokotala ukupadziwa, akanandimata dzina la wakuba mavoti mpaka kumaliza sukulu. Ndani angakhulupirire kuti pulogalamu yolemba ine yangosankha ine mwangozi?

Batire akuti tiye tipemphe makiyi, unene kuti waiwala cholembera, ukakonze msangamsanga. Ndikonza chani, mavoti enieniwo sanasungidwe paliponse, mu fayilo muli dzina langa lokha mzere kutsika. Ndipo akandipeza ndili ndekha pa kompyuta imeneyo ndiye basi ndatha.

Kwatsala mphindi 7 kuti buleki ithe. Ndinayenda kupita ku ofesi ya aphunzitsi. Ndinawapeza akumwa tiyi.

"Aphunzitsi, musatsegule zotsatira."

"Chifukwa?"

"Ndawina."

"Wadziwa bwanji? Labu ndakhoma ine."

Eee apa ndiye ndinaona kuti ndadzikumbira dzenje lina kkkk. Ndinatulutsa fulashi ndikuchita chibwibwi, ndinawaonetsa pa laputopu yawo. Anadina pa Dokotala, ine. Pa Wamtali, ine. Anadinanso, anadinanso, tiyi mpaka kuzizira. Ine thukuta kamukamu ndikuwerenga mabatani a shati yawo.

Kenako anati, "Unayesa mabatani angati?"

"Limodzi."

"Liti?"

Anangogwira pamphumi, mapewa akugwedera, kaya amaseka kaya amalira. Akuti ukanene wekha pamaso pa anzako, ndipo pofika Lachisanu ukhale utakonza. Kalabu sanandichotse!! Ndinakayima kutsogolo kuja iwe, n'kuulula zonse. Dokotala anandiyang'ana ngati ndamudyera chakudya chake, amvekere "mwangozi eti", kalabu yonse hmmmm. Sindikudziwa ngati wakhulupirira, ndipo mawa tikhala benchi imodzi, ndikuopa kale.

Tinavotanso pa timapepala. Wamtali wawina. Ine mavoti awiri, kuchoka pa 31 kkkkkk. Imodzi ndi yanga, ndiye ndamulembera Batire kumuthokoza chifukwa cha inayo. Taona zimene wandiyankha:

"Usandithokoze ine mzanga, ndavotera Wamtali kawiri konse lero, koyamba unandibera. Wakuvoterayo mufufuze, kaya amakufuna kaya sanamve nkhani yonse."