Galimoto Yochira Ikafika ku Galaja

Galimoto imene ndimaperekera buledi m'masitolo inayamba kudwala nyengo yozizira itangofika. M'mawa ndikapotokola kiyi, injini inkalira ndithu, koma mophonya. Inkatsokomola, kunjenjemera mpaka chiwongolero kuvina m'manja mwanga, kanyali kachikasu kochenjeza za injini kakuphethira. Ndikati ndinyamuke, inkazima. Ndinkakhala panja pa bekale kudikira kuti itenthe, buledi akuzizira kumbuyo, eni masitolo akuimbira foni Mayi, mwini bekaleyo.

Mayi ankadziwa makaniko mmodzi yekha padziko lonse, mkamwini wawo. Anthu ankamutcha Dokotala chifukwa cha chikhothi choyera chimene ankavala m'galaja. Makaniko wa chikhothi choyera! Mafuta akuda ankadetsa anzake. Iye ankangoyendayenda ndi kamakina koyezera injini, atakanyamula m'manja awiri ngati khanda.

Ulendo woyamba ndinapita nayo masana, nditamaliza kugawa buledi. Injini inali itatentha, ikulira bwinobwino ngati sinalakwepo. Dokotala analumikiza kamakina kake pansi pa chiwongolero, n'kudina, kanyali kaja n'kuzima.

"Yachira," anatero.

"Mwaona chiyani?"

"Zimene ndaona ine inu mungazimve, adalaivala? Ntchito yanu ndi kupotokola chiwongolero."

"Imavuta ikagona, m'mawa. Panopa yatentha."

"Aliyense amavuta m'mawa. Makamaka amene agona atalawako."

Mawa lake inatsokomolanso. Mayi analamula kuti ikagone kugalaja kuti mkamwini wawo akaione isanalizidwe. Ndinaisiya madzulo, ndipo kutacha buledi anayenda pa galimoto ya hayala. Masana Dokotala anabwera nayo yekha ku bekale, n'kuponya kiyi patebulo la apongozi ake.

"Amayi, galimotoyi ilibe vuto. Makina sakuonetsa nambala iliyonse. Ndailiza ndekha, yangoti tsee. Ngati pali chimene chikuphonya, chimakhala pampando wa dalaivala."

Mayi sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanatero. Anangopukuta ufa m'manja n'kunena motsitsa mawu kuti pali mwana wa mchemwali wawo amene ali ndi laisensi ndipo akungokhala. Ndinawachonderera kuti galimotoyo ikagonenso kamodzi kokha.

"Kamodzi," anatero. "Akakapanda kupeza kanthu, mudzandisiyire kiyi. Sindingalembe ntchito munthu amene akuti mkamwini wanga ndi wabodza."

Sindinanene kuti ndi wabodza. Wabodza amayamba wadziwa zoona zake.

Ndinaisiyanso madzulo, ndipo m'mawa mwake ndinalawirira kugalaja dzuwa lisanatuluke bwino. Mpanda wa galajayo ndi waung'ono, ndipo usiku amapanikizamo magalimoto onse, ina kumbuyo kwa inzake, kuopa akuba. Yanga, poti inalowa pomaliza, inali pageti penipeni. Ndinapeza mkulu wake wa Dokotala, bambo wa ovolosi yong'ambika m'mawondo, akutsegula loko. Iyeyu ndiye ankafika woyamba tsiku lililonse. Anatenga mulu wa makiyi pamsomali, n'kulunjika pa galimoto yanga.

"Akulu, mukutani?"

"Ndikutulutsa. Ena awa atuluka bwanji yanuyi itatseka njira?"

"Ulendo wathawu munaitulutsanso ndinu?"

"Nanga ndani? Mng'ono wanga amadzuka nthawi ino? Ha!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Komatu yanuyi ndi nkhalamba, achimwene. Inanjenjemera ngati ya malungo. Ndinaiponda moto, ndinaiponda, mpaka inawongoka."

"Kanyali kanayaka?"

"Kanayaka, koma musadandaule, ndinakakonza. Mumangochotsa waya wa batire, kudikira pang'ono, kubwezera. Kamazima kokha. Ndimachita zimenezo pa galimoto iliyonse. Mng'ono wanga sakonda kupeza tinyali tikuyaka, amati timaopseza makasitomala."

Ananena monyada, chifuwa patsogolo. Ndinamuyang'ana munthu wamkulu ameneyu, wa imvi zake, amene m'mawa uliwonse ankatenthetsa odwala onse n'kufufuta zonse zimene makina akanawerenga, kuti mng'ono wake akafika apeze chipatala cha anthu ochira okhaokha. Ntchito yanga inali kutha chifukwa cha anthu awiri obadwa mimba imodzi amene sanafunsanepo kuti mnzanga umatani ndisanafike.

Ndinamulanda kiyi n'kuika m'thumba la buluku.

"Lero siilira mpaka eni ake abwere."

"Aa, nanga magalimoto enawa?"

"Adikire."

"Ndiye tikankhe basi."

"Kankhani ena. Iyi musaikhudze."

Ndinakhala pa boneti, yozizira mpaka kulowa m'mafupa, n'kuimbira foni Mayi. Makasitomala anayamba kufika. Bambo wina wa taye anafuna galimoto yake, imene inali kumbuyo kwenikweni, ndipo anandifunsa ngati ndinali wamisala. Ndinamuyankha kuti afunse a Dokotala akabwera. Mkulu uja ankangozungulira, akudandaula kuti chiyambire galajayi sanaonepo mwano wotere.

Dokotala anafika dzuwa litakwera, akutafuna, chikhothi chili paphewa. Mayi anatsika pa takisi pambuyo pake, epuloni ikadali m'chiuno.

"Chikuchitika n'chiyani pano? Iwe, tsika pa galimotopo!" anakuwa Dokotala.

"Gwirani boneti kaye, a Dokotala," ndinatero. "Mwina simunagwirepo yozizira."

Anafuna kuyankha, koma apongozi ake anali pomwepo. Anavala chikhothi, n'kulumikiza kamakina kake mwaulemu wonse, ngati pali womujambula. Ndinalowa n'kupotokola kiyi.

Sindinakondwerepo ndi phokoso loipa ngati tsiku limenelo. Injini inatsokomola, galimoto yonse n'kugwedezeka, matileyi a buledi kumbuyo akugundana. Kumpope wa utsi kunkamveka phu, phu-phu, phu, fungo la petulo wosapsa lili thoo. Kanyali kanaphethira pamaso pa Mayi.

"Mkamwini, ichi n'chiyani?"

Dokotala anayang'ana kamakina kake nthawi yaitali kuposa mmene munthu amawerengera nambala imodzi.

"Silinda yachitatu ikuphonya," anatero.

Anatsegula boneti, n'kuloza ndi chala chapatali. Mkulu wake ndiye anamasula koyilo, kachipangizo kamene kamatumiza moto ku pulagi. Inali ndi mng'alu woonda ngati tsitsi, ndipo m'kati mwake munali chinyezi.

"Mwaona, amayi?" Dokotala anatero, mawu atabwerera m'malo mwake. "Usiku imamwa chinyezi, moto n'kumathawira pambali. Ikatentha imauma. N'chifukwa chake ndinaumirira kuti igone kuno kawiri. Matenda oterewa amafuna kuleza mtima."

"Munaumirira ndinu?" ndinafunsa.

"Adalaivala, akuluakulu akamalankhula za injini, inu muzipukuta galasi."

"Komatu ine kanyaliko ndikanakazimitsa kalekale," mkulu wake anatero, akupukuta koyiloyo pa ovolosi. "Kungoti bambowa anandilanda kiyi."

Dokotala anamuponda phazi. Mayi anaona. Anayang'ana mkamwini wawo, kenako mkulu wakeyo, kenako mzere wa makasitomala amene ankadikira magalimoto awo ochira. Ndinadikira kuti anene mawu amodzi okha, kaya kwa iye, kaya kwa ine. Koma mwamuna wa mwana wako sumuchititsa manyazi pagulu chifukwa cha dalaivala.

"Ikani yatsopano," anatero Mayi. Kenako anatembenukira kwa ine, osandiyang'ana m'maso. "Inu, mukatha pano mudzere ku bekale. Masitolo a kumsika sanalandire buledi, ndipo mawa musachedwe."

"Kiyi ndikusiyireni patebulo, Mayi?"

"Ndati musachedwe."

Anakwera takisi yawo. Dokotala anandiuza kuti ndisunthe galimoto, ikutsekereza anthu ofunika. Ndinamuyankha kuti koyilo ili m'manja mwa achimwene ake, ndipo akafuna isunthe msanga, avule chikhothicho akankhe.