Mwala Umene Bambo Ananyambita

Bambo anga anagwira ntchito yofufuza miyala zaka makumi atatu, mpaka maso anayamba kuwakana. Chipumireni pantchito ankangokhala pakhonde, wailesi pamwendo, n'kumati, "Ine tsopano ndasanduka mpando wa m'nyumba muno." Mawuwa ankandipweteka, poti ntchito yawoyo ndi imene ndinatengera ine.

Kuntchitoko zinali zitandithina. Tinaboola maenje asanu kufuna golide, osapeza kanthu, ndipo abwana anati latsala dzenje limodzi basi. Loweruka ndinafika kwathu ndi chidutswa cha mwala wa m'dzenje lachisanu, wobulungira ngati botolo, wobiriwira, wokhala ndi kamzere koyera.

"Tandipatsa, mwana wanga," anatero bambo.

Anaupukuta pamalaya n'kuunyambita. Anthu a ntchito yathu timatero, chifukwa mwala ukanyowa umaonetsa zonse. Mayi, amene ankasita zovala chapafupi, anapukusa mutu. "Zaka zonsezi ndikukuphikirani, mbale yanga simunainyambitepo choncho."

Bambo sanawamve n'komwe. Anauyandikiza mwalawo ku diso lawo labwinoko. "Uwu unali chiphalaphala chamoto pansi pa nyanja, udzu usanamere padziko. Kenako nthaka inaufinya, unang'ambika, madzi otentha n'kukwera m'ming'alumo atanyamula golide. Kamzere koyeraka ndi njira imene anadutsa."

"Zimenezo ndikuzidziwa, ababa. Mzerewo ndausaka kum'mawa kumene ukulowera, kulibe."

Anayendetsa chala pamwalapo pang'onopang'ono, mpaka chinaima pa timabowo ting'onoting'ono chakunsonga. "Mbali iyi inali kumwamba kapena pansi m'dzenjemo?"

"Pansi."

"Nanga thovu limakhala pansi pa chikho? Timabowoti ndi ta mpweya, timakhala pamwamba pa chiphalaphala. Miyala yakoyo inapindika pambuyo pake mpaka inagadabuka, mzerewo n'kupindika nawo. Ukausake kumadzulo."

Manyazi anandigwira. Timabowoto ndinali nditatilemba m'buku langa, osatifunsa kanthu.

Dzenje lachisanu ndi chimodzi tinaboola kumadzulo, ndipo patatha milungu itatu tinaupeza mzere woyerawo, wonenepa ngati mkono wanga. Ngati muli golide wokwanira tidzamva kwa oyeza, ine mtima unakhala kale pansi.

Masiku ano Loweruka likafika, ndimapeza wailesi yazimitsidwa, bambo atatambasula dzanja ndisanakhale n'komwe. Mayi amawaikira kapu ya madzi pambali kuti azinyowetsera miyala ngati munthu. Madziwo bambo amangomwa, miyala n'kumainyambitabe.